Timadontho ta Kunsi kwa Ndevu

Kompyuta yoyamba imene ndinaigwira inkagona chofunda. Poweruka tinkaiphimba ndi nsalu kuopa fumbi, ndipo m'mawa munthu asanaikhudze ankayamba wasamba m'manja. Inkakhala mu kaofesi ka zipinda ziwiri kufupi ndi Likhubula, m'tsinde mwenimweni mwa phiri. Zinali zaka zomalizira za chipani chimodzi, chaka chimene mvula inatithawa chija. Ine anandilemba ntchito yotayipa makalata, koma adokotala amene ankayang'anira ofesiyo, mayi wachizungu wowonda wa Chichewa chothyokathyoka, ataona mmene zala zanga zinkathamangira anandikodola. "Inu, bwera kuno, khala apa." Ndinakhala, ndikuopa kuti ndikadina polakwika chinthucho chiphulika.

Ofesiyo inkatsata kakulidwe ka ana m'midzi yozungulira phiri. Mwezi ndi mwezi azaumoyo ankapita m'midzimo ndi sikelo yokoloweka panthambi ya mtengo kukapima ana aang'ono. Mapepala awo ankabwera kwa ine, ena atanyowa, ena atadontheredwa msuzi, ndipo ndinkalowetsa zonse m'kompyutamo: mudzi, nambala ya khadi la mwana, msinkhu wake ndi kulemera kwake. Pepalalo linalibe malo a china chilichonse.

Mmodzi mwa ana a m'mapepalawo anali wanga. Ndinene msanga zimenezi, chifukwa nkhani yonseyi ndi yake. Anali mwana wanga woyamba, wamwamuna, wongopitirira kumene zaka ziwiri. Ndinamusiya kwathu, kumudzi wina kufupi ndi Muloza, m'manja mwa amayi anga. Nanga ndikanatani? Ku Likhubula ndinkachita lendi kachipinda kamodzi, wondigwirira mwana kunalibe, ndipo bambo ake ankayenda ndi lole ku Limbe, kubwera kwake kwa apo ndi apo. Choncho phiri lonse lija linaima pakati pa ine ndi mwana wanga. Ndinkalizungulira kamodzi pamwezi, malipiro akatuluka, khadi la chipani lili m'kachikwama chifukwa popanda ilo basi sunkakwera.

Kanali kamwana kaphokoso, kosakhazikika. Kanali ndi chivundikiro cha poto wakale chimene kanachisandutsa chiwongolero, ndipo kukangocha kankayamba kuyendetsa lole yake bwalo lonse, kakulira "vuuu, vuuu," kuthamangitsa nkhuku, kugunda miyendo ya alendo. Ndikafika, moni n'kosapereka komwe, kankandilozera kumbuyo kwake kuti ndikwere. Ndipo ndinkakweradi, mayi wamkulu wa nsapato za mu ofesi, kunyonyomala pafumbi mpaka dalaivala atanena kuti tafika.

Chithunzi chimene ofesi yathu inkachidalira kwambiri chinali cha kabokosi ndi ndevu. Tsiku limene adokotala anandiphunzitsa, sanayambe ndi kompyuta. Anatuluka panja, natola mandimu pansi pa mtengo wa kuseri, nawandandalika patebulo kuyambira laling'ono mpaka lalikulu. "Awa ana a mudzi umodzi, msinkhu umodzi," anatero. Analoza ndimu la pakati penipeni n'kuyika pensulo pamwamba pake mopingasa. Kenaka anatenga chivundikiro cha katoni ya mapepala n'kuvindikira mandimu a pakati, theka la onse. Amenewo ndiwo kabokosi. Otsala uku ndi uku anawayezera ndi timaulusi tiwiri, kamodzi kokwera, kena kotsika, ndipo anati timeneto ndi ndevu, ngati za mphaka. Panali kandimu kena kofota, kakang'ono kuposa anzake onse, kamene ulusi sunakafikire. Anakakankhira patali pakokha.

"Aka kadontho," anatero adokotala. "Ife tifuna aka."

Ndinamva nthawi yomweyo, ndipo ndinasangalala kuti ndamva. Mandimu a pansi pa chivundikiro aja sankaonekanso, koma ine sindinafunse za iwo. Ndikanafunsiranji, poti anali abwinobwino?

Masiku ano ana amangokhudza ndi chala chithunzi n'kutuluka chamitundumitundu. Ife ayi. Galasi la kompyutayo linali lakuda bii, zilembo zake zachikasu, ndipo chilichonse unkachita kuchilamula potayipa mawu achingerezi. Ukangoiwala kachizindikiro kamodzi, inkakukanira kwamtuwagalu, osakuuza n'komwe chimene walakwitsa. Ndinkaitukwana m'Chilomwe cha amayi anga, poti adokotala sankamva. Panali chibuku chachikulu cha malangizo, cholemera ngati njerwa, ndipo ndinkachiwerenga pa nthawi ya nkhomaliro, chinangwa chophika chili m'dzanja lina.

Pang'ono ndi pang'ono tinazolowerana. Ndinaphunzira kuimika timabokosi kapena kutigoneka. Ndinaphunzira kutichepetsa m'mimba kuti midzi yonse ya dera limodzi ikwane papepala limodzi, mudzi uliwonse kabokosi kake, ndandanda. Pulinta yathu inkangodziwa inki yakuda, yolira ngati nyenje, ndiye kuti timabokosi tisiyane ndinkatijambula mizere m'kati: topendekera ta ana a m'malayini a m'maesiteti a tiyi, toyera ta ana a m'midzi. Mayina a midzi ankaduka chifukwa chotalika, mpaka ndinapeza njira yowapendeketsa kuti akwane. Mzere wa pakati ndinaunenepetsa kuti uoneke ngakhale inki ikamatha. Koma chimene ndinkanyada nacho koposa chinali cha timadontho. Ndinapeza m'chibukumo mmene ungauzire kompyuta kuti pambali pa kadontho kalikonse izilemba nambala ya khadi la mwanayo. Adokotala ataona anandigwira mapewa onse awiri n'kundigwedeza.

Chimenechi chinasintha ntchito yonse. Tinali ndi bambo wina wa njinga yamoto, wachikulire ndithu, wosalankhulalankhula. Pepala likangotuluka ankalitenga, kuona manambala a timadontho ta kunsi kwa ndevu, kumangirira matumba a ufa wa likuni kumbuyo kwa njinga, ulendo. Ankakafufuza ana amenewo khomo ndi khomo. Ofooka kwambiri ankawatumiza kuchipatala. Mwezi wina unkaona nambala imene inali pansi yasowa, mwanayo wakwera, walowa mu ndevu. Amayi ena ankatitumizira nanazi kapena mkoko wa nthochi. Ndinkaona kuti ndikugwira ntchito ya Mulungu, ndipo mpaka lero sindinena kuti ndinkanama.

Tsiku lina kunabwera bwana wina wochokera ku boma, wa suti ndi baji pachifuwa, kudzaona zimene tinkakonzekera kutumiza. Masiku amenewo mawu akuti njala sankatchulidwa pagulu, ngakhale nkhokwe zili mbee. Anayang'ana mapepala anga nthawi yaitali, akugwedeza mutu.

"Mabokosiwa ndi aukhondo ndithu," anatero. "Koma titosi ta ntchentche tili m'munsimu n'tachiyani? Tikuipitsa dziko. Fufutani."

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndi chibadwa. "Bwana, si titosi. Ndi ana a anthu."

Adokotala anandiponda phazi pansi pa tebulo, ndipo bwanayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa kuti kwathu n'kuti. Kwa masiku angapo galimoto iliyonse ikaima panja ndinkasuzumira pawindo kuopa kuti abwera kudzanditenga. Koma sizinapite patali. Mawu obisira timadontho analipo m'chibukumo, ndipo tinayamba kutulutsa mapepala awiri: loyera la bwana uja, ndi la timadontho la bambo wa njinga yamoto. Ndinkadzitama mumtima kuti ana aja ndawamenyera nkhondo.

Kumudzi zinthu sizinali bwino. Chimanga chinapserera chisanamasule. Azakhali anga anali atawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhondo, ndi ana awo ndi adzukulu, ndipo onse anafikira pakhomo pa amayi. Ufa ndi nyemba zimene ndinkasiya kuti zikhale za mwana wanga zinkalowa m'kamwa zambiri. Amayi sakanatha kudyetsa mdzukulu mmodzi ena akuyang'ana, ndipo ine sindikanawauza kuti atero. Ankakhalira chinangwa ndi kalongonda.

Amayi anga anathyola tiyi moyo wawo wonse, mpaka zala zawo zinada n'kung'ambika. Anali munthu wosapempha kanthu kwa wina, wosafuna kuti dzina la pakhomo pake limveke pachitsime. Koma linkamveka, chifukwa cha ine. Mkazi wokwatiwa kukakhala yekha kuseri kwa phiri, kugwira ntchito ndi amuna, kubwera atavala nsapato zogogoda! Ankandinena, ndipo ndinkadziwa. Ndinkangoseka. Amayi sankaseka. Kwathu kuli chikhulupiriro cha tsempho: mwana wamng'ono akatupa mapazi ndi nkhope, amati wasemphedwa, kutanthauza kuti kholo lake lagona ndi munthu wina kunja, kenaka n'kudzamunyamula mwanayo kapena kuthira mchere m'ndiwo zimene iye wadya. Ndinakulira m'zimenezi, koma nditalowa mu ofesi ndinkaziona ngati zinthu zimene ndinazisiya kumbuyo pamodzi ndi kuyenda chosavala nsapato.

Nditapita kumapeto kwa mwezi wa Meyi ndinapeza mwana wanga akuchira chikuku. Anali ataonda, khosi lili lende, koma chivundikiro chake chija anachitenga ndithu, n'kundiyendetsa pang'ono mpaka pa mtengo wa mapeyala. Masiku awiri amene ndinakhalako sanatsike kumsana kwanga. Ndinamuphikira ndekha, ndiwo ndinathira mchere ndekha. Pochoka ndinachita kuzemba akugona, ndipo ndinalira m'basi njira yonse mpaka pa boma.

Mapepala a mwezi umenewo atabwera, ndinaona kuti kulemera kwake kwatsika. Nditajambula chithunzi cha dera la kwathu ndinatenga lula n'kuyeza pamene iye akanakhala. Anali kunsonga kwenikweni kwa ndevu ya m'munsi, pafupi kugwa. Ndinadziuza kuti akangogwa, akhala kadontho, nambala yake ituluka, ndipo njinga yamoto ikaima pakhomo pa amayi. Ukonde unalipo, woluka ine ndemwe. Mtima unakhalako pansi.

Mwezi wotsatirawo sindinapite kumudzi. Lipoti lalikulu linkafunika kwa amene ankapereka thandizo, ndipo tinkagwira ntchito ndi Loweruka lomwe, magetsi akakhalapo. Kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kosaleka kaja, phiri osaoneka sabata yathunthu. Ndinalukira mwana wanga juzi, kachipewa ndi masokosi a ulusi wofiira, n'kupatsira msuweni wanga amene ankagulitsa nanazi pamsika wa pa boma. Nditakumana nayenso pamsikapo patapita masiku, ndinamufunsa za kumudzi.

"Aliko," anatero, akusanja nanazi zimene zinali zosanjika kale. "Kungoti mwana uja lole yake anaiimika. Amangokhala ndwii pamphasa."

"Akudwala?"

"Kaya. Agogo ake akuti n'kuzizira."

Sanandiyang'ane m'maso. Ndinabwerera ku ofesi nditatsimikiza kuti mawa lake ndipempha tchuthi, lipoti kaya lipoti. Ndipo m'mawa mwake momwemo mapepala a ku Muloza anafika. Ndinawalanda m'manja mwa wowabweretsa, kuvundukula mpaka nditapeza nambala ya khadi lake. Ndinawerenga, n'kupukuta m'maso, n'kuwerenganso. Kulemera kwake kunali kutakwera. Osati pang'ono ayi, kukwera kooneka.

Ndinalowetsa manambala onse n'kulamula chithunzi. Pulinta inalira, pepala linatuluka pang'onopang'ono. Kunsi kwa ndevu ya mudzi wathu kunali timadontho tingapo, kalikonse ndi nambala yake. Yake panalibe. Ndinayika lula. Mwana wanga anali atachoka kunsonga kuja, walowa m'kati mwa kabokosi, pansi pang'ono pa mzere wonenepa uja. Ndinavina, anthuni! Ndinavina mu ofesi ya azungu, pepala lili m'manja, mlonda akusuzumira pawindo. Ndinakaonetsa adokotala, ndipo iwo anati, "Wabwino, wabwino kwambiri, agogo agwira ntchito." Za tchuthi zija sindinazitchulenso. Ndinati msuweni wanga ndi wokokomeza, mwana aliyense amafooka kukazizira.

Bambo wa njinga yamoto anatenga pepala lomwelo n'kupita kumudzi kwathu. Anakasiya ufa wa likuni pa nyumba yoyandikana ndi ya amayi, chifukwa mwana wa pamenepo anali kadontho. Anandiuza atabwerako kuti amayi anawaona akusesa pabwalo, anapatsana moni, ndipo anati onse ali bwino. Mwanayo sanamuone, anali m'nyumba. Sanafunse, poti papepala panalibe chomufunsitsa.

Lipoti litatha, kumapeto kwa Julaye, ndinanyamuka. Pa boma ndinagula kagalimoto ka mawaya kwa anyamata opanga, kokhala ndi chiwongolero chenicheni chachitali, kuti dalaivala wanga asiye chivundikiro cha poto. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Amayi anali pakhonde, mwana ali pamiyendo pawo, atavala juzi ija, kachipewa ndi masokosi ofiira, ngakhale tsikulo kunkatentha. Ndili patali ndinaona masaya ake adzadza, ndipo ndinafuula, kalanga ine, ndinafuula ndi chimwemwe kuti, "Wanenepa!"

Sanaseke. Anandiyang'ana ngati munthu wodutsa m'njira. Ndinamuonetsa kagalimoto kaja, ndipo anatembenuzira nkhope kukhoma n'kuyamba kulira kamawu kotopa, kopanda misozi.

Ndinamutenga. Amayi anagwira mwendo wake n'kunena kuti, "Usamuvule, ali ndi chimfine." Ndinachotsa dzanja lawo. Nditavula kachipewa, tsitsi lake linali lofiirira, lapatalipatali, ndipo lina linatsalira mu ulusi. Masokosi anakana kuvuka, anali atamatirira. Nditawakoka pang'onopang'ono ndinaona mapazi otupa, onyezimira, khungu litasupuka m'malo ena ngati lapsa ndi madzi otentha. Pakhoma la ofesi yathu panali chithunzi cha phazi lotere, ndinkachipenya tsiku ndi tsiku pamwamba pa kompyuta. Ndinadina ndi chala chachikulu pamwamba pa phazi la mwana wanga. Nditachotsa chalacho, kadzenje kanatsala pomwepo, osabwerera. M'chiuno mwake munali chingwe cha mankhwala, ndipo m'miyendo munali mphini zatsopano.

Zimene ndinalankhula kwa amayi pakhonde paja sindizilemba. Anthu anatuluka m'nyumba zawo. Ndinabereka mwana, kutola khadi lake la sikelo ndi kagalimoto kaja, n'kuthamangira kumsewu, nsapato zogogoda zija nditazitaya panjira, ndipo ndinaima pakati pa msewu mpaka lole ya tiyi itaima.

Kuchipatala anamwino anayesetsa, sindingawanenere zoipa. Mmodzi wa iwo, mayi wachikulire, ataona khadi la sikelo la mwanayo anapukusa mutu. Ine ndinkangobwereza ngati wamisala kuti, "Koma sikelo inakwera, amayi, sikelo inakwera." Iye anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, amenewa ndi madzi. Thupi likasowa chakudya limasunga madzi, ndipo sikelo imapima ndi madzi omwe." Mwanayo anakhala masiku ochepa. Anamwalira m'mawa, dzuwa litangowala pa mawindo a wodi, anthu akusesa panja. Kagalimoto ka mawaya kanali pansi pa bedi, sanakakhudzeko.

Pambuyo pake ndinamva mmene zinayendera pa tsiku la sikelo. Kunali chiperoni, mzere wa amayi unali wautali, ana akulira ndi kuzizira. Amayi anauza wazaumoyo kuti mwanayo ali ndi chifuwa, asamuvule. Iye anamukoloweka pa sikelo ndi zovala zomwe, n'kulemba nambala imene anaona. Sanalakwe kuwerenga. Ine sindinalakwe kutayipa. Kompyuta sinalakwe kujambula. Ndi chimene chimandiwawa mpaka lero, kuti aliyense anachita ntchito yake bwinobwino.

Pamaliro manong'onong'o ndinkawamva. Azimayi amene anasambitsa mwanayo anaona mapazi, ndipo mawu akuti wasemphedwa anayenda msiwa monse. Bambo ake anali asanabwere kumudzi kuyambira nthawi ya dzinja, ndiye chala chikanaloza ndani? Wobwera mu Meyi ndinali ine, wobereka mwana ine, wothira mchere ine. Mwamuna wanga anakhala patali ndi ine, pamodzi ndi abale ake, ndipo banja lathu silinapitirire chaka chimenecho. Zimenezo sizinandipweteke monga anthu ankaganizira. Mumtima munalibe malo. Amayi sindinawalankhule ngakhale liwu limodzi, ndipo maliro atatha ndinakwera basi osatsanzika.

Nditabwerera ku ofesi ndinavundukula kompyuta n'kukhala duu, osaiyatsa. Adokotala anabwera n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinawafunsa osatembenuka.

"Ana amene ali m'kati mwa kabokosi, makinawa angathe kuwaonetsa?"

Anatenga chibuku chija n'kutsegula. Zinali pa tsamba loyang'anizana ndi limene ndinapezapo za manambala a timadontho. Kamzere kamodzi kakafupi. Ndinali nditakadutsa kambirimbiri, ndikudya chinangwa. Ndinakatayipa, n'kuitanitsa chithunzi cha mwezi uja cha mudzi wathu. Pulinta inalira nthawi yaitali kuposa kale. Kabokosi kamene kankatuluka koyera kanatuluka kodzaza timadontho, mwana aliyense kake, ngati mapira otayika pamphasa. Ndinafufuza ndi chala mpaka nditapeza nambala yake, pansi pang'ono pa mzere wa pakati, pakati pa anzake.

Ndikudziwa kuti kadontho kameneko sikakanandiuza kuti watupa. Koma ndikanamuona. Ndikanaona mwana amene mwezi watha anali kunsonga, lero wadumpha mtunda wonsewo chaka cha njala, ndipo mwina, mwina, ndikanadabwa m'malo movina. Adokotala anakhala pansi pa simenti, mzungu wamkulu, n'kulira poyera. Mwezi womwewo anawonjezera malo papepala la azaumoyo, ndipo analamula kuti mwana aliyense azivulidwa masokosi n'kudinidwa paphazi, kuzizire kusazizire. Ana ena anapezeka motero, m'kati mwenimweni mwa timabokosi. Anthu ankandiuza zimenezi kuti ndipepukidwe mtima. Sindinapepukidwe. Ndinkakondwera nawo amayi a anawo, koma wanga sanabwerere.

Ndinagwira ntchito ya manambala zaka zambiri pambuyo pake, m'maofesi ena, pa makompyuta a mitundu yowala. Sindinajambulenso kabokosi kopanda timadontho ta onse. Achinyamata ankadandaula kuti, "Amayi, chithunzi chikuoneka chakuda, tichotseko." Ndinkawayankha mwaukali kuposa mmene funso lawo linkafunira, ndipo ankandiona ngati mayi wovuta. Sindinawafotokozere.

Chaka cha maliro chija, kumudzi ndinakhala osapitako mpaka nandolo atauma. Tsiku limene ndinapita ndinapeza amayi ali okha kuseri kwa nyumba, akusola nandolo m'lichero. Azakhali ndi ana awo anali atasamukira kumsasa wa othawa nkhondo. Amayi anali atachepa thupi, mpango uli wopotoka. Chivundikiro cha poto chija chinali chitatsamira khoma, chotsukidwa bwino. Ndinakhala pansi n'kutenga makoko angapo, ndipo tinasola limodzi.

"Amayi, munamubisiranji?"

Sanadzutse mutu. "Akanaona mapazi aja pa sikelo, mudzi wonse ukanadziwa tsiku lomwelo. Apongozi ako akanamva. Ndinati ndimupezere mankhwala mwakachetechete, aphwe, iwe usachite manyazi. Ndinagulitsa nkhuku zonse. Ndinayenda naye mpaka kutsidya kwa malire. Iye ndi mdzukulu wanga, koma iwenso ndiwe mwana wanga."

"Manyazi a chiyani, amayi?"

"Sindinakufunse, ndipo sindikufunsa. Kumene uliko uli wekha, ukadali mtsikana, mwamuna wako sabwera. Ine sindikuweruza."

Apo m'pamene ndinazindikira. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti amayi ankaopa pakamwa pa anthu. Ayi. Iwo eni ankakhulupirira kuti ndinachitadi. Anayang'ana mapazi a mdzukulu wawo n'kuona tchimo la mwana wawo, ndipo analiphimba ndi masokosi amene ndinaluka ine, chifukwa chondikonda.

Ndinayika makoko pansi. "Amayi, tandiyang'anani. Sindinagonepo ndi mwamuna wina aliyense. Kuyambira tsiku limene ndinakwatiwa mpaka lero. Ngakhale mmodzi."

Anandiyang'ana. Amayi anga ankandidziwa ndikamanama kuyambira ndili wakhanda, ndipo anafufuza nkhope yanga yonse, akufunitsitsa kupezamo bodza. Sanalipeze. Manja awo analefuka, lichero linapendekeka pamiyendo, nandolo n'kukhuthukira pafumbi.

"Ndiye ine ndimabisa chiyani?" anatero.

Anafunsanso kachiwiri m'Chilomwe, osati kwa ine, akuyang'ana chivundikiro chija. Ndinasendera pafupi n'kuwakonza mpango, ndipo nkhuku za eni ake zitayamba kubwera tinagwada tonse awiri n'kuyamba kutola nandoloyo.